Dzina Limene Mwai Anatchula

Ngokwe, 4 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Sabina,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Balaka pamodzi ndi ana. Ine ndilipo, mimba ikukula, miyendo yayamba kutupa pang'ono.

Musaseke kuti ndikulemba kalata ngati munthu wakalekale. Foni yanga amasunga apongozi anga, Abiti Mahmudu, poti ndi mmene amuna anga a Uladi amatumiziramo ndalama kuchokera ku Joni. Mukaimba amayankha ndi iwowo, ndipo akandipatsa sachoka, amangokhala pomwepo khutu lili tcheru. Ndiye ndapempha amuna anu, alamu a Lyford, kuti akamachokera kogula nsomba ku Chiuta azidzera pano kudzatenga kapepala kanga.

Sabata yatha anandichitira litiwo, mwambo uja wolangiza mkazi wa mimba yoyamba. Kunabwera amayi ambiri, ngakhalenso azakhali athu a Anastasia anachoka ku Nselema, korona wawo ali m'khosi. Ine ndimayesa akandiuza za kasambitsidwe ka mwana. Achemwali, zimene ndinamva kumeneko zandinyansa mpaka lero. Anandikhazika pamphasa, thukuta lili kamukamu m'nyumba yotseka, n'kuyamba kusinthana kusimba za akazi amene anafa pobereka. Wina amafotokoza za magazi uku akutafuna chinangwa. Wina anagona pansi n'kumayerekeza kubuula, anzake akufa nazo kuseka.

Pomaliza anandiuza chachikulu. Akuti mwana sachedwa kubadwa popanda chifukwa. Matenda akatalika ndiye kuti mkaziyo anayendapo ndi mwamuna wina, ndipo mwana satuluka mpaka mayi atatchula dzina la mwamunayo. Amati ine ndichenjere kwambiri poti amuna anga anangobwera kumapeto kwa Disembala, kukhala masabata ochepa n'kubwereranso.

Ndinafunsa kuti, “Nanga ine amene ndilibe dzina loti nditchule, mwana akachedwa ndiye kuti ndifa?”

Anangoseka. Azakhali ndi amene anayankha kuti aliyense amatero poyamba.

Kuchokera tsiku limenelo tulo sindikutiona. Mtima umangogunda ngati ndathamanga, manja kuzizira, chakudya ndikangochiona mseru. Amayi athu akanakhala moyo bwenzi ndikufunsa iwo. Mundiuze zoona, achemwali, inu mwabereka katatu. Ngati n'kotheka munditumizireko sopo ndi chitenje chimodzi chakale.

Ndine mng'ono wanu,
Mwai


Balaka, 13 Ogasiti 2024

Mwai mng'ono wanga,

Moni. Kuno tonse tili bwino. Kalata yako ndinawerengera pa benchi yanga ya zitenje mumsika, ndipo kasitomala wina anathawa poona nkhope yanga.

Azimayi akuluakulu, a zidzukulu zawo, kusonkhana tsiku lathunthu kuti aopseze mwana wamasiye! Ndanyansidwa moti malovu andiwawa mkamwa. A Abiti Mahmudu ndingawamve, si magazi athu. Koma azakhali a Anastasia, amene Lamulungu lililonse amakhala kutsogolo kutchalitchi, ndiwo akutsogolera nyimbo yonyansayi? Zimenezi sizili m'Baibulo, ndipo anzanga achisilamu a mumsika muno ndawafunsa, akuti kumzikiti sanazimvepo. Ndi nkhanza chabe zimene iwo anachitiridwa, ndiye akufuna kubwezera pa iwe.

Tamvera. Mwana woyamba amachedwa, basi. Tikondane wanga anandisunga kuyambira m'mawa mpaka m'mawa unzake, ndipo palibe dzina limene ndinatchula kupatula la Mulungu ndi kutukwana alamu ako.

Mantha nanenso ndinali nawo. Anandithandiza ndi namwino wina kusikelo kuno, ndipo sanandipatse mankhwala ayi. Zimene anandiphunzitsa ndi izi. Mtima ukayamba kuthamanga, khala pansi utsamire khoma, utsinzine. Koka mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mpaka umve mimba yadzaza, kenako uutulutse ndi pakamwa ngati ukuuzira phala la mwana. Kutulutsako kuzitalika kuposa kukokako. Uwagwetse mapewa, usalume mano, manja uwasiye lendee. Uzichita zimenezi m'mawa ndi madzulo ngakhale pamene ulibe mantha, kuti thupi lizolowere, tsikulo likadzafika usadzachite kuganizira.

Madzulo uziviika mapazi m'beseni la madzi ofunda. M'mawa kusanatenthe uziyenda, ngakhale kungofika kudimba n'kubwerera. Upeze mnzako wa manja ofewa azikusisita msana ndi mafuta, koma akhale wosalongolola. Ukamva maganizo oipa akubwera, yimba chamumtima kanyimbo kalikonse kamene umakakonda. Ndipo ukapita kusikelo upemphe anamwino akuonetse chipinda choberekera, uone bedi lake ndi maso ako, chifukwa chinthu chimene sunachione chimakula m'mutu.

Wina akayamba nkhani za maliro a mimba, dzuka uzipita. Ulemu uli ndi malire.

Sopo ndi zitenje ziwiri ndapatsira alamu ako. Uzindilembera.

Ndine mkulu wako,
Sabina


Nselema, 29 Ogasiti 2024

Wokondedwa mwana wanga, make Tikondane,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ine ndiye ndi miyendo yomweyi, ikundipweteka usana ndi usiku, koma palibe amene amandifunsa.

Dzana ndinali ku Ngokwe ndipo ndabwerako ndi manyazi. Kodi mwana uja wamuphunzitsa chiyani? Ndinamupeza kuseri kwa nyumba atatsamira khoma, maso ali tsinzi, akufwenthera ngati njoka yopondedwa. Ndinamuitana kawiri, iye osayankha mpaka atamaliza zakezo. Apongozi ake akuti mwina ndi majini, akufuna amufukizire lubani. Ine ndinawauza kuti kumtundu kwathu kulibe majini. Chimene ndikuona ine ndi munthu amene ali ndi kanthu mumtima kamene kakumulemera.

Madzulo akumatha nkhuni za eni ake kutenthetsa madzi a mapazi ngati mkazi wa bwana. Ine nditayamba kumukumbutsa malangizo, anadzuka n'kundisiya ndikulankhula ndekha, ine mlongo wa bambo ake. Akuti ndiwe unamuuza.

Iwe wakhalitsa m'tauni, waiwala. Mkazi wa mimba yoyamba amayenera kuopa. Mantha ndi amene amamuchititsa kunena zoona nthawi ikakwana. Ukamuchotsa mantha wamupha. Ifenso tinadutsa momwemo, sitinafe.

Chinanso, amuna akowo akafika kumeneko amakhala pakhonde ndi mlamu wawo, kupatsana timapepala, kunong'onezana. Anthu ali ndi maso. Ine sindinanene kanthu, ndangokuuza.

Unditumizireko shuga ndi mankhwala opaka aja a miyendo. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi.

Ndine azakhali ako,
Anastasia


Ngokwe, 8 Sepitembala 2024

Okondedwa achemwali,

Moni kwa inu ndi ana. Zitenje ndinalandira, chobiriwiracho ndasungira mwana.

Achemwali, ndikugona! Masiku oyamba ndinkadziona wopusa, munthu wamkulu kumauzira phala limene kulibe. Koma tsopano mtima ukangoyamba, ndimakhala pansi, ndikapuma kangapo umatsika wokha. Chakudya chayamba kulowa. Msana amandisisita Ramla, mkazi wa pakhomo loyandikana nalo, amene ali ndi ana awiri ndipo salankhulalankhula. Apongozi anandifukizira lubani tsiku lina mpaka ndinatsokomola misozi, koma ndinawasiya achite, ine n'kumapuma zanga utsi utatha.

Kusikelo ndinapempha ndipo anamwino anandionetsa chipinda chija. Ndi chipinda wamba, chili ndi bedi la pulasitiki, ndowa ndi zenera. Ndinatuluka ndikuseka ndekha. Anandiuza zomwe munanena zija, kuti mwana woyamba safulumira. Pa khadi alemba kuti ndi cha pa 10 Okutobala, ndipo akuti ndi bwino ndipite msanga ndikadikirire kuchipatala komweko, poti kwathu kuno ndi kutali.

Apa ndiye pavuta. Apongozi akana. Akuti ndi nthawi yothyola nandolo, palibe woti akandidikirire, komanso mwana woyamba matenda ake amayambira pakhomo kuti akuluakulu aone mmene zikuyendera. Mukudziwa chimene akufuna kuona. A Uladi pafoni angoti ndizimvera amayi awo. Ndinafuna kuwafotokozera koma mayi awowo anali ataima pambali panga.

Ndiye pempho langa ndi ili: bwerani mudzakhale ondidikirira. Mukabwera inu sangakane, amakuopani. Kupumaku ndikukutha, koma sindikudziwa ngati ndingakuthe pakati pa anthu amene aja.

Mng'ono wanu,
Mwai


Balaka, 17 Sepitembala 2024

Mwai,

Moni. Ndasangalala kuti ukugona. Azakhali anandilembera kalata yonunkha, yodzaza ndi miseche, kumapeto kwake n'kupempha shuga. Sindinawayankhe ndipo shugayo adikira.

Ndibwera. Pano mwana wanga wamng'ono uja akudwala malungo, komanso ndikufuna ndipeze munthu wondikhalira pa benchi. Pa 1 Okutobala ndidzakhala nditafika, ndipo tsiku lomwelo tidzanyamula mphika ndi mphasa kupita kuchipatala, wofuna kuletsa adzaletse ndilipo. Masiku akadalipo, usade nkhawa. Pitiriza kuyenda m'mawa.

Sabina


Nselema, 29 Sepitembala 2024

Make Tikondane,

Moni. Ndamva kuti ukukonzeka kubwera. Usavutike, ntchito tagwira kale ife amene umatinyoza.

Mng'ono wako wachira Lachisanu, mwana wamkazi. Koma ukhale pansi kuti umve bwino.

Matenda anayamba m'mawa kwambiri. Ananditumizira njinga yamoto ndipo ndinafika dzuwa lisanakwere. Tinakhala naye m'nyumba ine, apongozi ake ndi amayi ena awiri. Dzuwa linafika pamutu, palibe chochitika. Linapendeka, palibe. Mwiniwakeyo osalira, osakuwa, angogwira khoma, kupuma zija unamuphunzitsa, nthawi zina mpaka kumaimba chamumtima. Unaonapo kuti mwana wa mimba yoyamba akuimba pa nthawi ngati imeneyo? Tonse tinaona kuti uku ndi kuuma mtima, akumutsekereza dala mwana kuti asunge chinsinsi.

Iye amangoti timutengere kuchipatala. Tinamuuza kuti njinga ili panja, koma sakwera munthu wonyamula bodza, chifukwa akafera panjira mlandu ukhala wathu. Tinamugwira bwinobwino monga mwa mwambo. Anakana, anakana, mpaka anatchula.

Dzina lake ndi la amuna ako, a Lyford.

Atangotchula tinamukweza njinga, ndipo atafika kuchipatala sipanapite nthawi mwana anabadwa, dzuwa lisanalowe. Ndiye undiuze tsopano kuti mwambo ndi wabodza. Tikanamvera iwe bwenzi lero tikulira maliro awiri.

A Uladi auzidwa. Achimwene awo ndi okwiya kwambiri. Amuna akowo akuti adakali ku Chiuta; akafika uwauze asadzapondenso kuno. Ine ndinakuchenjeza za pakhonde paja koma unandiyesa wamiseche. Limba mtima, amuna ndi choncho. Ndikukupempherera.

Shuga uja sanafike.

Azakhali ako,
Anastasia


Ngokwe, 9 Okutobala 2024

Achemwali,

Sindikudziwa ngati mulandira moni wanga, komabe ndikupereka. Mwana ali bwino, akuyamwa. Kalatayi ndapatsira a Raymond, alangizi a zaumoyo, amene akupita ku Balaka ku msonkhano.

Ndikudziwa kuti azakhali akulemberani. Ndiloleni nanenso ndinene.

Matenda anabwera masiku asanakwane. Ndinachita zonse zimene munandiuza, ndipo achemwali, zinkathandiza. Ululu ukabwera ndinkaupumira mpaka udutse, ukadutsa n'kumayenda m'nyumbamo. Sindinkaopa. Ndinkangopempha njinga. Ramla anabwera kuti andisisite msana, anamuthamangitsa n'kutseka chitseko.

Masana atapitirira anandikhazika pansi. Wina anandigwira manja kumbuyo, wina miyendo. Apongozi ankanditsina m'ntchafu. Azakhali anaika nkhope yawo pa yanga, fungo la fodya wawo wa mkamwa likundilowa m'mphuno, malovu akundigwera, akungoti tchula, tchula. Ndikatsinzina kuti ndipume ankanditsegula maso ndi zala. Ndinasanza, iwo n'kumati ndi bodzalo likutuluka. Mpaka lero ndikamva fungo la fodya ndimafuna kusanza.

Kenako madzi anasweka, ndipo sanali oyera, anali obiriwira. Anamwino anali atatiuza kusikelo kuti ukaona zotero mwana watopa, thamanga. Ndinawauza. Azakhali anati, “Ndiye fulumira, wamupha wekha mwanayu.”

Pamenepo ndinadziwa kuti popanda dzina sindituluka m'nyumba muja. Ndinayamba ndatchula dzina longopeka, anati munthu ameneyo sakumudziwa, nditchule weniweni. Ndinaganiza za amuna a m'mudzi muno. Aliyense amene ndikanamutchula, mkazi wake akanakhulupirira, banja likanatha, mwina nyumba ikanatenthedwa. Mutu wanga unali bwinobwino, achemwali, sindinganame kuti ndinasokonezeka. Ndinasankha.

Ndinatchula alamu chifukwa pa dziko lonse lapansi nyumba yanu ndi yokhayo imene ndinadziwa kuti simungakhulupirire.

Alamu sanandikhudzepo ngakhale chala. Pakhonde paja ankangondiuza za ana anu ndi mitengo ya mlamba. Anamwino akuti mwana anali kale panjira, akanabadwa nthawi yomweyo ndi dzina kapena popanda dzina, ndipo tikanachedwa pang'ono akanabadwa wakufa. Anawakalipira apongozi, koma iwo amangomwetulira ngati anthu amene apambana mlandu.

Ndauza aliyense kuti ndinanama. Akuti aliyense amatero akachira. A Uladi sakufuna kumva mawu anga, atumiza uthenga kuti mchombo wa mwana ukapola ndizipita kwathu. Kwathu ndi kuti? Kwa azakhali sindingapiteko, kuli bwino ndigone kumsika.

Mundipepesere kwa alamu. Mundiyankhe.

Mwai


Ngokwe, 27 Okutobala 2024

Achemwali a Sabina,

Moni. A Raymond akuti kalata anakupatsani m'manja mwanu pa benchi. Tsiku lililonse ndimayang'ana kumsewu.

Katundu wanga amuika pakhonde. Panopa ndikugona kwa Ramla, koma amuna ake ayamba kudandaula. Mwana sanapatsidwe dzina, akuti amutche bambo ake enieni. Ine ndikungomuitana kuti Yasmin, poti ndi limene a Uladi ankalifuna kale.

Ngati mwandikwiyira ndiuzeni, ndidziwe kuti ndilibe mkulu.

Mwai


Balaka, 6 Novembala 2024

Mwai mng'ono wanga,

Moni kwa iwe ndi Yasmin. Makalata ako onse awiri ndinalandira. Sindinakukwiyire. Chimene chinandigwira dzanja ndi china, ndipo ndikuuza.

Alamu ako anakumana ndi azichimwene a amuna ako pa Nselema akuchokera ku Chiuta, asakudziwa kalikonse. Anawatsitsa pa njinga, kuwamenya, nsomba zonse kuzimwaza m'fumbi, anthu n'kumatola. Anafika kuno diso litatupa, dzino limodzi palibe. Ku Chiuta sangapitenso, pano akungothandiza achimwene awo a Yotamu kuotcha njerwa.

Za azakhali sindifuna kulemba zambiri, ndingadetse pepala. Munthu amene anatsegula maso a mwana wa mlongo wake ndi zala, mwana ali pa ululu, kenako n'kukhala pansi kundilembera kuti akundipempherera. Ndawatumizira mawu kuti maliro anga asadzabwere ndipo awo sindidzapita. Ndikamuganiza mayi ameneyo ndimafuna kusamba.

Unachita bwino kutchula. Ukanapanda kutero bwenzi Yasmin kulibe. Ndipo nditawerenga kalata ya azakhali ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndi bodza, ndinaing'amba pomwepo.

Koma mawu onyansa amakhala ngati nsikidzi, ukaganiza kuti wathana nazo zimatulukira pena. Anthu mumsika anayamba kunong'ona. Ndinkati ndikakhala, za pakhonde zija n'kumabwera m'mutu. Tsiku lina, kalata yako yoyamba isanafike, alamu ako ali pampando ndikuwathowa diso lija ndi madzi ofunda, pakamwa panga panatuluka funso. Ndinawafunsa kuti mu Januwale muja, akapita ku Chiuta, ankagona kuti.

Anachotsa dzanja langa pankhope pawo mwaulemu, n'kudzuka. Anatuluka panja.

Ndiye patapita masiku kunabwera kalata yako, yonena kuti nyumba yanga ndi yokhayo imene singakhulupirire. Ndinaiwerenga kamodzi, sindinathe kuibwereza. Ukanakhala iwe ukanayankha chiyani? Azimayi aja anachita kukugwira anayi kuti unene zonyansa. Ine palibe anandigwira.

Bwera Loweruka. Ukwere njinga mpaka pa Nselema, minibasi ya ku Liwonde, ine ndidzakudikira pa siteji ya Balaka kuyambira m'mawa. A Raymond ndawapatsa ya thiransipoti. Umuthokoze Ramla, ndamuikira chitenje.

Usaope kukumana ndi alamu ako. Ndinawawerengera kalata yako yonse. Nditamaliza anati:

“Mwanayo abwere, pano ndi pakwawo. Ndikanakhala ine m'nyumba imene ija ndikanatchula ngakhale abishopu.”

Chipinda chako akonza okha, apachika ndi neti. Iwe anakukhululukira tsiku lomwelo. Ine ndi amene sakundilankhula mpaka lero.

Ndine mkulu wako,
Sabina